Mutu 6: Supuni Yosadziwa Kukana

1. Mzere umodzi

Kanjira kathu mumzinda wa Tainan n'kopanikiza moti ukayetsemula kuchipinda kwako, wa nyumba yachitatu amadziwa kuti wayamba chimfine. Choncho a Kang Tien-fu, amisiri owotcherera zitsulo aja, atagona ndi kutentha thupi, kanjira konse kanadziwa iwo asanamwe n'komwe mankhwala. Anthu mitima inali m'mwamba. Si kuti ankawamvera chisoni kwambiri ayi. Ankaopa dengi.

Dengi ndi nthenda ya udzudzu, koma kwathu chimene anthu amadana nacho si udzudzuwo. Ndi utsi. Dokotala akangolemba kuti wakuti ali ndi dengi, a zaumoyo amafika ndi makina opopera mankhwala, ndipo khomo lililonse loyandikana nalo limatsegulidwa, mwini wake afune asafune. Mumakuta mbale, zofunda, ngakhale guwa la makolo. Mumatuluka ndi ana ndi agalu kukakhala padzuwa. Pobwerera, pansi ponse pali noninoni, tinsomba toweta tayandama chagada. Za maphwando ndiye iwalani.

Tsono chaka chimenecho a Kang ndiwo anasankhidwa kusunga mphika wa lubani wa kachisi wathu. Ulemu umenewu munthu amaudikira mpaka imvi. Pa chikondwerero cha mwezi wachisanu ndi chitatu, wosunga mphika ndiye amayenda patsogolo pa mulungu wa dera, ataunyamula ndi manja ake. Chikondwererocho chinali mkuja. Tenti yaphwando inali itakhomedwa kale pakati pa kanjira.

"Mzere umodzi!" anakuwa a Kang akutsika movutikira panjinga yamoto ya akazi awo, pochokera kukachipatala ka kumsika. "Kachipangizo koyezera magazi kati ndilibe dengi. Amene mumandinong'ona aja, kagwereni uko!"

A Huo-wang, wapampando wa komiti ya kachisi, amene amakazinga mkunga pakhomo la kanjira, anaomba m'manja. "Ndimanena ine! Mulungu angasankhe munthu woti adwale? Lowani mukapume, akulu."

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Anali Yi-ning, mwana yekhayo wa a Kang, mtsikana wa chaka chachitatu kuyunivesite. Anawagwira mkono bambo ake powalowetsa m'nyumba.

"Ababa, adokotala mwawauza kuti munadwalapo dengi chaka cha mliri chija?"

"Andifunsa za lero, osati za makedzana."

"Nanga ati mubwerenso liti?"

Mayi ake a Yi-ning, a Bi-lien, anayang'ana pansi n'kunena motsitsa, "Ati mawa akatengenso magazi."

"Khala chete iwe!" anakalipa a Kang. "Ndipitenso kukatani? Kukafunafuna mzere wachiwiri ngati ndautaya?"

2. Mabodza awiri

Kuyunivesite Yi-ning ankaphunzira masamu a zaumoyo. Miyezi imeneyo ankathandiza aphunzitsi ake, Mayi Shih, pa kafukufuku wa kachipangizo komweko ka dengi. Mayi Shih anali okalamba, aafupi, aukali ngati tsabola. Mawu awo Yi-ning anawabwereza kwa makolo ake masana amenewo, ndipo ife a nyumba yogundana nayo tinamva onse kudzera pakhoma.

"Ana inu, tcherani khutu," ankatero Mayi Shih. "Palibe chipangizo choyezera matenda chimene sichinama. Chilichonse chili ndi mabodza awiri. Loyamba, chimauza wodwala kuti ali bwino. Lachiwiri, chimauza wabwinobwino kuti akudwala. Ntchito yathu si kukalipira chipangizo. Ntchito yathu ndi kupeza kuti pa anthu zana chimanamiza angati, ndiponso chimakonda kunamiza ndani. N'chifukwa chake timatenga magazi a anthu ambirimbiri, aliyense n'kumuyeza m'njira zingapo. Ngakhale njira ya ku labotale yaikulu imaphonya nayonso. Ndiye timayang'ana pamene njirazo zagwirizana ndi pamene zatsutsana, masamu n'kutiuza bodza la iliyonse.

"Kachipangizo ka dengi aka kakati eya, kakhulupirireni, mbali imeneyo sikanama kawirikawiri. Koma kakati ayi, musathamangire kuvina. Funsani kuti munthuyu anayamba liti kudwala, poti masiku akamapita kamayamba kuphonya. Funsaninso ngati anadwalapo dengi kale. Wodwala kachiwiri thupi lake limathamangira kugwira kanthu kamene chipangizo chikufunafuna, n'kukabisa. Pa magazi amene tayeza ife, mwa odwala kachiwiri khumi kachipangizoka kanaphonya pafupifupi anayi. Ndipo odwala kachiwiriwo ndi amenenso nthendayi imawagwetsa koopsa. Mwamva? Kamanamiza amene sayenera kunamizidwa.

"Chinanso. Mzere umodzi wa m'nyengo yozizira, udzudzu kulibe, si wofanana ndi mzere umodzi wa mwezi uno, pamene kuseri kwa msika apopera kale. Mukadzanena zimenezi kwanu sadzakuomberani m'manja. Palibe amene amakonda munthu womulanda uthenga wabwino."

A Kang anamvetsera atatsinzina. Kenako anaseka mwachipongwe.

"Wati khumi, kaphonya anayi. Chabwino. Asanu ndi mmodzi kawauza zoona. Ine ndili mwa asanu ndi mmodziwo. Masamu nanenso ndimawadziwa, ndimayeza zitsulo tsiku ndi tsiku."

"Ayi, Ababa. Asanu ndi mmodziwo ndi amene anaona mizere iwiri. Inu mwaona umodzi. Ngati mukudwala dengi, muli mwa anayiwo."

"Ngati! Ngati! Bi-lien, ukumumva mwana wakoyu? Akundiika m'gulu la akufa ine ndili maso!"

Tinamva patapata akumenya chitseko. A Kang anamuphonya mwana wawo.

3. Azakhali abwera ndi supuni

Dzuwa litapendeka anatulukira azakhali a Kim-ki, achemwali awo aakulu a a Kang. Mayi ameneyu kanjira konse kamamuopa. M'thumba mwawo simusowa supuni yoyera ya dothi ndi kabotolo ka mafuta onunkhira.

Anawagwira mlongo wawo pamphumi. "Dzuwa ili. Kutentha kwalowa m'thupi. Munthu kuwotcherera zitsulo za tenti masana onse, mumati atani? Tien-fu, vula malaya."

Anawakhazika pampando m'chipinda cha pansi mogwirira ntchito, chitseko chili pululu, anthu n'kuyamba kusonkhana. Azakhali anapaka mafuta, n'kuyamba kupala ndi supuni kuchokera m'khosi kutsika kumsana. Kwathu timati kutentha kukalowa m'thupi, ukapala khungu kumatuluka ngati timadontho tofiira. Timadonthoto timatitcha sua. Sua ikada kwambiri, anthu amati nthenda inali yaikulu, ndipo yatuluka.

Pamsana pa a Kang sua inatuluka msanga modabwitsa. Supuni ikangodutsa kamodzi, mzere wakuda bii.

"Taonani!" anafuula azakhali. "Bwerani muone nonse! Chibadwire sindinaonepo sua yakuda chonchi."

"Azakhali, chonde lekani," anatero Yi-ning. "Dengi imachepetsa mphamvu ya magazi youndana. Kudako mwina si kutentha. Mwina ndi magazi akutuluka pansi pa khungu."

Mawu akuti dengi anali atatchulidwanso pagulu.

"Tamumvani dokotala wa masamu," anatero a Huo-wang. "Jakisoni sanagwirepo, koma matama thoo."

Yi-ning anapinda dzanja la malaya ake. Kutsutsa galu n'kukumba. "Azakhali, ine thupi silikutentha, mutu sukupweteka, ndadya bwino. Ndipaleni pamkono apa."

"Ukundiyesa?"

"Ndikuyesa supuniyo."

Azakhali anamugwira mkono mwankhanza, osapakanso mafuta, n'kupala ndi mkwiyo wonse. Mtsikanayo analuma mano koma sanalire. Posakhalitsa mkono unafiira psuu, timadontho tili mbwee.

"Mwaona?" anatero Yi-ning. "Ine sindikudwala, koma yatuluka."

"Ha! Ndiye kuti nawenso uli nayo!" anayankha azakhali. "Kukhalira kuyang'ana kompyuta, kutentha kwakukwera kumutu. N'chifukwa chake ukubwebweta."

Anthu anafa nako kuseka. Ine zinandinyansa, abale. Munthu wapereka mkono wake kuti muone, inu n'kumaseka?

"Ndifunseko chimodzi, Azakhali. Chiyambireni kupala anthu, alipo amene munamupala n'kumuuza kuti alibe sua?"

"Amabwera kwa ine ali bwino ndani?"

"Ndiye supuni yanu sidziwa kukana. Aliyense imamuvomera. Choyezera chovomera aliyense sichikuuzani kanthu. Kachipangizo ka kuchipatala kawakana Ababa, mwina monama. Supuni yanu yawavomera chifukwa ingavomere ngakhale mwana wobadwa lero. Pa ziwirizi palibe chimene chatiuza kuti Ababa alibe dengi."

Azakhali anapukuta supuni pang'onopang'ono, n'kuilozetsa kumaso kwa mtsikanayo.

"Mwana iwe, mamina sanaume n'komwe, ndimvere bwino. Supuni iyi inapala agogo ako, inapala bambo akowa ali kamwana, inakupala iwe uli ndi chifuwa, ndipo suli kumanda. Sukulu yakupatsa pakamwa, koma nzeru zokhalira ndi anthu sinakupatse. Iwe ukamaliza maphunziro ukwera sitima ulendo ku Taipei, ukakhale m'nyumba zosanja kumene munthu sadziwa dzina la mnansi wake. Amako atsala muno. Bambo ako atsala muno. Ukaitana utsi sabata ya chikondwerero, udziwe kuti wawotcha nyumba ya makolo ako. Ndani adzabweretse chitsulo choti awotcherere? Ndani adzawayankhe moni amako kumsika? Pa maliro a m'nyumba muno adzanyamule bokosi ndani, masamu akowo? Kanjira aka sikaiwala. Banja lina linaitanitsa utsi chaka cha mliri, lero lili kuti? Linasamuka lokha, popanda wolithamangitsa. Mlongo wanga wadikira mphika uwu moyo wake wonse. Ukamulanda, usadzanditchulenso kuti azakhali."

"Mwamuuza zoona," anavomereza a Huo-wang. "Nkhumba tagula kale, oimba taitana kale. Kamwana kamodzi katisokonezere zonsezi chifukwa cha ngati?"

4. Lonjezo

M'mawa mwake a Kang sanapite kukatengetsa magazi. Yi-ning anatulutsa njinga yamoto n'kuiimika pakhomo, koma bambo ake anatembenukira kukhoma.

Mayi ake anamukokera kukhitchini. Maso awo anali otupa.

"Mwana wanga, ndakugwira mwendo. Tsiku limodzi lokha. Mawa akangozungulira ndi mphika, ine ndemwe ndidzawakweza njinga kupita kuchipatala chachikulu. Usatichititse manyazi."

"Amayi, nthenda sidziwa kuti kuli chikondwerero."

"Iwe ukudziwa motsimikiza kuti ndi dengi?"

"Motsimikiza ayi. Koma mpata wake ndi waukulu."

"Basi. Sukudziwa. Ukufuna kutidanitsa ndi kanjira konse pa chinthu chimene sukudziwa."

Panja anthu anali kudutsa osayang'ana pakhomo pawo. Mayi wogulitsa phala la nsomba, amene tsiku lililonse ankamuitana kuti mwana wanga, m'mawa umenewo anamupatsa mbale osamuyankha moni.

"Chabwino," anatero Yi-ning pomaliza. "Ndidikira mpaka mawa. Koma asapalidwenso, ndipo mankhwala opha ululu amene azakhali abweretsa asamwe. Amwe madzi ambiri."

Anadziwa zoona, anazinena pagulu, koma misozi ya mayi ake inamufooketsa. Akulu anati pakadafunda padajiwitsa galu. Mtsikanayo anagonja tsiku limene sanayenere kugonja.

5. Thupi lazizira

Tsiku la chikondwerero kunacha bwino. Ng'oma ndi zitoliro zinayamba m'mamawa. Matebulo ofiira anadzaza mu tenti kuchokera pakachisi mpaka pakhomo la kanjira, moti ngakhale njinga sikanadutsa.

Ndipo a Kang kutentha thupi kunatha.

Azakhali anatuluka m'nyumbamo akuvina. "Wazizira! Gwirani nokha! Ali kuti dokotala wa masamu uja? Abwere adzapepese supuni yanga!"

A Huo-wang anabwera ndi malaya achikasu a wosunga mphika ndi lamba wofiira. Anthu anadzaza pakhomo kuyamikira. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Yi-ning anagwira dzanja la bambo ake. Linali lozizira, lonyowa ndi thukuta. Pomwepo anakumbukira chenjezo lina la Mayi Shih, ndipo analinena mokweza kuti onse amve.

"Aphunzitsi anga amati: 'Pa nthenda zambiri, thupi likazizira mumathokoza. Pa dengi, thupi likazizira m'pamene mumatsegula maso. Nthawi imeneyo ndi pamene madzi amatha kuyamba kuthawa m'mitsempha. Wodwala akamadandaula m'mimba, akamasanza mosalekeza, akafooka kapena kusakhazikika, magazi akaoneka m'kamwa kapena m'mphuno, musadikire kuti kuche. Ambiri amene tinawataya sanafe thupi likutentha. Anafa abale awo akusangalala kuti achira.'"

"Aphunzitsi akowo azikakwirira okha anthu awo," anatero azakhali. "Tien-fu, dzuka uvale."

A Kang anadzuka atagwira pamimba. Anavala malaya achikasu aja, koma zala zinkalephera kumanga mabatani. Atafika pakhomo anawerama, nasanza m'ngalande. Kenako analavula malovu ofiira.

"Binlang ameneyo," anatero a Huo-wang mosalabadira. Amuna ambiri kwathu amatafuna kamtedza kameneka, ndipo malovu ake amakhala ofiira. Ngalande zathu zonse n'zothimbirira nawo.

"Inde, binlang," anavomera a Kang, osayang'ana munthu.

Yi-ning anatembenukira kwa mayi ake. "Amayi, Ababa atafuna liti binlang?"

A Bi-lien anayang'ana amuna awo.

"Amayi, ndikufunsa inu. Chiyambireni kudwala, aikako kanthu m'kamwa kupatula madzi?"

"Ayi," ananong'ona mayiwo.

Mtsikanayo anatulutsa foni m'thumba.

6. Wapereka kanjira

"Ika pansi chimenecho!" anakuwa a Huo-wang. "Kwangotsala kuzungulira kamodzi kokha!"

"Unalonjeza!" analira mayi ake. "Unandilonjeza dzulo!"

A Kang anatsamira pachitseko. Mawu awo anali otsika, koma tonse tinawamva. "Yi-ning, ukaimba foni imeneyo, ine ndilibe mwana."

Mtsikanayo anawayang'ana bambo ake m'maso. "Ndi bwino mukhale opanda mwana kusiyana n'kuti ine ndikhale wopanda bambo."

Azakhali analumpha kuti alande foniyo, koma iye anathawira pamasitepe, nakhoma chitseko cha chipinda chake. Tinamumva akutchula dzina la kanjira, nambala ya nyumba, ndi mawu aja amene aliyense ankawazemba. "Ndikuganiza kuti ndi dengi yoopsa. Anadwalapo kale. Akutuluka magazi m'kamwa."

Ambulansi inafika mwachangu, koma inaima pamsewu waukulu. Tenti inali itatseka njira. Anyamata a ambulansi anapempha kuti matebulo asunthidwe.

Mukudziwa, palibe anasuntha ngakhale mpando umodzi. Amuna amphamvu, omwe amanyamula mpando wa mulungu paphewa tsiku lonse osadandaula, anangopinda manja n'kumayang'ana kumwamba. Ndikakumbukira zimenezi mpaka lero mtima umandiwawa. Yi-ning anatsika n'kuyamba kukankha matebulo yekha. Mbale zinagwa n'kusweka. Ine ndi mwamuna wanga tinagwira mbali ina, anyamata a ambulansi n'kudutsa ndi machira.

Pamene ankafika pakhomo, a Kang anali atakhala pansi, mutu uli pa mawondo. Sanathenso kukana. Anawagoneka pamachira atavala malaya achikasu omwe aja.

Popita kumsewu, mawu anamutsatira mtsikanayo ngati miyala.

"Wapereka kanjira konse!"

"Mwana wopanda mwambo!"

"Mawa utsi ukabwera, udzatsuke mbale zanga ndiwe!"

"Sukulu zinazi n'kungotaya ana!"

Mayi wina anamuthira tiyi wozizira pamiyendo. Yi-ning sanatembenuke. Azakhali anaimirira pakhomo la kachisi, nakuwa kuti aliyense amve: "Akakapezeka alibe dengi, usadzapondenso m'kanjira muno. Akakapezeka nayo, usadzapondenso ndithu!"

Ng'oma zinali zitaleka. A Huo-wang ananyamula okha mphika wa lubani, nkhope ili gwaa.

7. Funso la dokotala

Ine ndinawatsatira panjinga yamoto nditakweza a Bi-lien. Kuchipatala chachikulu anamwino sanataye nthawi. Anawaika madzi m'mitsempha mikono yonse iwiri, natenga magazi kuthamanga nawo ku labotale.

Dokotala anali bambo wa imvi, wooneka wotopa, wosadziwa kunyengerera. Anadula malaya achikasu aja ndi sizasi, nawatembenuza a Kang chammbali. Ataona msana anaima kaye. Mizere ya supuni ija inali itagwirana, msana wonse uli bii kuchokera m'khosi mpaka m'chiuno.

"Wachita izi ndani?"

Asanayankhidwe, anafunsanso.

"Anayezetsa dengi?"

"Kunatuluka mzere umodzi," anatero a Bi-lien mwamsanga. "Adokotala, mzere umodzi wokha, ndinauona ndi maso angawa."

"Anadwalapo kale?"

"Inde," anayankha Yi-ning.

"Ndiye mzere umodziwo unali woti mugonere? Sanakuuzeni kuti mubwerenso?"

"Anatiuza," anavomera Yi-ning.

Namwino anabwera ndi zotsatira zoyamba za magazi. Dokotala anaziyang'ana, nagwedeza mutu, nalamula kuti a Kang apite nawo kuchipinda cha odwala mwakayakaya. Kenako anatembenukira kwa ife, ukali uli m'maso.

"Ndikuuzeni mosabisa. Magazi awo auma, ndipo akutaya ena m'kati. Tiyesetsa, koma sindikulonjezani kanthu. Munthu uyu akanabwera dzulo, bwenzi tikungomuika madzi n'kumacheza naye. Tsiku lonse la dzulo munali kuti? M'nyumba yonse munalibe ngakhale mmodzi wodziwa kuti kachipangizo kaja kamaphonya?"

A Bi-lien anayamba kulira. Anayang'ana dokotala, anayang'ana machira amene ankawakankhira kukhonde. Kenako anakweza dzanja pang'onopang'ono, naloza mwana wawo.

"Uyu," anatero. "Uyu ndiye amaphunzira zimenezi. Ankadziwa zonse. Iyeyu ndiye anati tidikire mpaka mawa."

Dokotala anamuyang'ana Yi-ning kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Zoona zimenezi? Unkadziwa?"

Mtsikanayo anatsegula pakamwa. Ndinkayembekezera kuti anena za misozi ya kukhitchini, za azakhali, za matebulo. Sananene chilichonse cha izo.

"Ndinkadziwa," anatero.

Chitseko cha chipinda chija chinatseguka, namwino n'kusuzumira.

"Wodwala watsitsimuka pang'ono. Akuti akufuna kulankhula ndi munthu mmodzi tisanamuike makina opumira. Fulumirani, nthawi ndi yochepa."

A Bi-lien anadzambatuka, akupukuta misozi.

"Si inu, mayi," anatero namwinoyo. "Akuti alowe amene anaimba foni."